Agalu okoka chileyi ndi mphalapala za Asami: zoyenera kudziwa musanapite kumpoto kozizira

Mukatsegula tsamba la kampani yoyendetsa alendo ku Tromsø (Norway), ku Kiruna (Sweden) kapena ku Rovaniemi (Finland), mudzapeza zinthu ziwiri zitaikidwa pamodzi: kukwera chileyi chokokedwa ndi agalu, ndi kukacheza kwa Asami, mtundu wa anthu a kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, oweta reindeer, mphalapala za kumalo ozizira. Zithunzi zake zimafanana, sinowo ponseponse, moto m'kati mwa tenti, kuwala kobiriwira kumwamba, moti mlendo amaganiza kuti ndi mwambo umodzi wa anthu amodzi. Ayi ndithu. Asami sankakoketsa agalu. Agalu awo ndi obusira ziweto, ndipo katundu ankamukoketsa mphalapala. Agalu a chileyi kwawo ndi ku Siberia, ku Alaska ndi ku Greenland, ndipo kumpoto kwa Ulaya anatchuka kudzera mwa anthu monga Roald Amundsen, yemwe anafika ku South Pole mu 1911 ndi agalu a ku Greenland, komanso Leonhard Seppala, mbadwa ya kumpoto kwa Norway, mmodzi mwa anthu amene anathamangitsa mankhwala ku tauni ya Nome ku Alaska mu 1925.

Kusiyanitsa ziwirizi kuli ndi phindu lenileni. Chileyi cha agalu ndi masewera ofuna thupi lanu lonse, ndipo mukanyozera malangizo wopwetekedwa ndi galu kapena inu eni. Kupita kwa oweta mphalapala ndi kufika pakhomo pa munthu m'nyengo imene ziweto zake zili pakati pa moyo ndi imfa. Tsono ziwirizi zimachitikira pa nthaka imodzi, ndipo nthawi zina zimakangana.

Mwezi ndi malo

Tromsø ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, koma chifukwa cha madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic, mu Januwale kuzizira kwake kumangozungulira madigiri 4 pansi pa ziro. Vuto la kugombe si kuzizira koma kusinthasintha: lero sinowo, mawa mvula, mkuja ayezi. N'chifukwa chake makampani ambiri a mumzindawo amanyamula alendo pa basi kupita nawo kumtunda, ola limodzi kapena kupitirira, komwe sinowo amakhala wouma. Kumtunda kwenikweni, monga ku Kiruna, ku Kautokeino, ku Karasjok ndi ku Inari, madigiri 25 kapena 30 pansi pa ziro si nkhani yodabwitsa. Ku Karasjok kunafika 51.4 pansi pa ziro mu 1886, ndipo mpaka lero ndiye kuzizira kwakukulu kumene kunalembedwapo m'dziko la Norway.

Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale dzuwa silituluka ku Tromsø. Sikuti kumakhala mdima wandiweyani tsiku lonse. Masana kumayera kwa maola ochepa ngati mbandakucha, kenako kumadanso. Alendo ambiri amathamangira Disembala chifukwa cha Khirisimasi, koma ife tingakulangizeni mwezi wa Febuluwale wakumapeto kapena Malichi. Sinowo amakhala atakhazikika, njira zitaponderezeka bwino, nyanja zitaundana mokwanira, masana atatalika, ndipo usiku ukadali wakuda moti aurora, kuwala kobiriwira kuja, amaoneka kumwamba kukayera. Mu Novembala nthawi zina sinowo amachedwa, ndipo kampani imangosinthanitsa chileyi ndi kangolo ka matayala. Funsani musanalipire chomwe adzachite sinowo akadzasowa.

Zovala

Kampani yabwino imabwereka ovololo yochindikala, jombo ndi magolovesi akuluakulu. Za m'kati ndi zanu, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsira. Chovala chokhudza khungu chikhale cha ubweya wa nkhosa, osati cha thonje. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndiye mukangoima mutathamanga pachitunda, chinyezi chija chimayamba kukuyamwani kutentha. Jinzi isiyeni ku hotela. Pamwamba pa cha ubweya chija valani juzi imodzi kapena ziwiri, kenako ovololo.

Jombo sankhani yokulirapo ndi saizi imodzi kapena ziwiri, muvale masokosi awiri a ubweya, opyapyala m'kati, ochindikala kunja, ndipo zala za kuphazi zizitha kusewera. Chimene chimafunditsa phazi ndi mpweya wotsekeredwa ndi magazi oyenda. Jombo yothina imachotsa zonse ziwiri. M'manja valani magolovesi opyapyala a zala, pamwamba pake aja akuluakulu opanda zala, kuti pomasula chingwe kapena pojambula dzanja lisakhale lamaliseche. Chitsulo chozizira chimamatira pakhungu lonyowa. Mafuta odzola okhala ndi madzi ambiri musawapake kumaso m'mawa wa ulendo. Foni ikhale m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, poti batire limatha msanga pozizira, ndipo kamera muiike m'pepala lapulasitiki lotseka musanalowe m'nyumba yofunda, kuti nthunzi isalowe m'kati mwake.

Pali zinthu ziwiri zimene zikutikhudza ife akhungu lakuda, zomwe mabuku a alendo satchula kawirikawiri. Malangizo ambiri amati muziyang'ana "madontho oyera" pamasaya ndi pamphuno, chizindikiro choti khungu layamba kuundana. Pakhungu lakuda malowo amatha kuoneka otuwa ngati phulusa, olimba pang'ono, ndipo samva kukhudza. Muziyang'anana kumaso ndi mnzanu nthawi iliyonse mukaima. Mukaona zotere, ikani dzanja lofunda lopanda golovesi pamalopo mpaka magazi abwerere. Musatikite, musapake sinowo, musayandikize kumoto. Kafukufuku wa asilikali ku Britain ndi ku America anasonyeza kuti anthu ochokera ku Africa amavulala ndi kuzizira mosavuta kuposa anzawo, choncho zala zikachita dzanzi nenani msanga, musapirire chifukwa cha manyazi. Chachiwiri, amene ali ndi matenda a sickle cell akaonane ndi dokotala kaye, chifukwa kuzizira koopsa kumadzutsa ululu wa matendawa.

Gulu la agalu ndi chileyi chake

Agalu ambiri amene mudzawaone ndi Alaskan husky. Sali ngati a pazithunzi aja a maso obiriwira ndi ubweya wambiri. Ndi oonda, aatali miyendo, olemera makilogalamu 20 mpaka 27, oswanitsidwa chifukwa cha liwiro, chipiriro, mapazi olimba ndi kudya bwino. Kuonda kwawo si njala, ndi thupi la wothamanga. Ulendo wa alendo awiri, wina woyendetsa wina wokhala, umakokedwa ndi agalu anayi mpaka asanu ndi mmodzi.

Pakati pa gululo pamadutsa chingwe chachikulu chochokera kuchileyi. Galu aliyense amalumikizidwa kuchingwechi pawiri: kachingwe ka kumbuyo komangidwa pa hanesi yake (malamba ovekedwa m'thupi mwake) cha kumchira, komwe ndi kokokera, ndi kachingwe kakafupi ka pakhosi, kongomuletsa kupatuka. Akutsogolo ndi atsogoleri, agalu anzeru omva malamulo ndi osunga chingwe chokungika. Nthawi zambiri amakhala aakazi ang'onoang'ono. Oyandikana ndi chileyi ndi amphamvu, ndiwo amalandira kugwedezeka konse ndi kutembenuza chileyi pokhota. Malo a galu aliyense anasankhidwa ndi mwini wake poganizira amene amagwirizana ndi amene amalumana. Musasinthe nokha.

Chileyicho chili ndi mitanda iwiri yaitali yotsetsereka pa sinowo, yomwe imapitirira kumbuyo kuti inu mupondepo, phazi lina uku lina uku. Patsogolo panu pali chogwirira chopindika. Pakati pa mapazi anu pali mabuleki awiri. Yoyamba ndi kamphasa ka labala kokhwekhwereka pansi, koponda ndi chidendene pochepetsa liwiro. Yachiwiri ndi yachitsulo, ya mano awiri olowa mu sinowo, yoimitsira. Pambali pamakhala ngowe yaikulu yachitsulo yomangidwa kuchingwe chachikulu. Mukaima mumaikhomera mu sinowo ndi phazi kuti gulu lisachoke. Ngoweyi ndi yakuthwa komanso yolemera, ndipo ikasiyidwa ikulendewera imatha kukola mwendo wa munthu. Nthawi zonse ibwezereni m'malo mwake.

Mphindi zoopsa kwambiri ndi zonyamuka. Agalu akavekedwa mahanesi amauwa, kulira ndi kudumpha moti simungamve mawu a mnzanu. Chileyi chimakhala chitamangiriridwa pamtengo. Imani ndi mapazi onse awiri pa buleki yachitsulo, manja onse pachogwirira, mawondo opindika pang'ono. Wotsogolera akapereka chizindikiro n'kumasula chingwe, chotsani phazi limodzi, liike pamtanda, linalo lizitsala pabuleki mpaka mutamva kuti chileyi chakhazikika. Chimanyamuka mwamphamvu, ndipo phokoso lonse limatheratu nthawi yomweyo. Pakatha kilomita imodzi kapena ziwiri agalu amatsika n'kuyamba kuyenda mondondoza, makilomita 10 mpaka 15 pa ola.

Lamulo loyamba, lomwe wotsogolera aliyense adzakuuzeni, ndi lakuti chogwirira sachitaya. Mukagwa, gwiritsitsani, chikukhwekhwerezeni mpaka agalu aime kapena mnzanu afikire buleki. Chifukwa chake n'chakuti agalu sadikira. Akamva kuti katundu wapepuka amawonjezera liwiro, ndipo gulu lopanda woyendetsa limatha kuthamanga makilomita ambiri. Galu mmodzi akapunthwa kapena kukodwa m'chingwe, anzake amangomukoka, ndipo amatha kuthyoka mwendo kapena kutsamwa.

Lachiwiri ndi lakuti chingwe chachikulu chizikhala chokungika nthawi zonse. Aliyense amene anayendetsapo ngolo pamtsetse akudziwa chomwe chimachitika ngolo ikathamanga kuposa ng'ombe. N'chimodzimodzi pano: potsika, chileyi chimatsetsereka msanga kuposa agalu, chingwe chimalenda, n'kukola miyendo yawo, ndipo chileyi chimagunda aja akumbuyo. Galu amene wagundidwapo amayamba kuopa, kumangocheukacheuka, mwina osafunanso malowo moyo wake wonse. Choncho pondani kamphasa musanayambe kutsika, osati muli kale pakati pa mtsetse. Kutsika mothamanga kumawononganso mapewa ndi mfundo za miyendo yakutsogolo ya agalu, kuvulala kofala kwambiri pantchitoyi.

Pokwera chitunda ndi nthawi yanu yogwira ntchito. Phazi limodzi likhale pamtanda, linalo lizikankha pansi, kapena tsikani muzithamanga pakati pa mitanda mutagwira chogwirira. Agalu akacheuka kukuyang'anani pachitunda, akukuuzani kuti mwalemera. Pokhota, sunthirani thupi mbali ya m'kati mwa khona ndipo chepetsani liwiro musanafike. Mukaponda buleki mwamphamvu muli pakati pa khona, chileyi chimakokedwa kudula njira n'kukagunda mtengo kapena chitsa cha m'kati. Wokhala m'chileyi manja ndi miyendo zikhale m'kati. Kutulutsa phazi kuti muthandize kuima ndi njira yothyolera bondo.

Siyani mpata pakati pa inu ndi gulu la kutsogolo, mamita khumi kapena kuposa, ndipo musalipitirire. Magulu awiri akalowana, zingwe zimapotana ndipo ndewu imabuka pomwepo. Ikabuka, musalowetse dzanja; khalani pabuleki, itanani wotsogolera. Malamulo a kumanja ndi kumanzere musavutike nawo, agalu anu akutsata gulu la patsogolo ndipo mawu amene amawadziwa ndi a mwini wawo. Kukuwa kosalekeza kumangowasokoneza. Chikwapu kulibe, ndipo mukachiona chokani.

Zina zimene muziyang'ana mukuyenda: galu amene kachingwe kake ka kumbuyo kakhala kolenda kwa nthawi yaitali watopa kapena wapweteka. Wotsimphina mwina ali ndi timibulu ta ayezi pakati pa zala, kapena kansapato kake kansalu kavuka. Tinsapatoti amavekedwa poteteza mapazi ku sinowo wokalipa. Kunyambita sinowo akuthamanga n'kwachibadwa, akudziziziritsa. Ndipotu mdani wa agaluwa ndi kutentha. Amagwira ntchito bwino pa madigiri 10 mpaka 20 pansi pa ziro; kukafika pa ziro amawefuka msanga ndipo wotsogolera wabwino amaimaima pafupipafupi ngakhale alendo akufuna liwiro. Madzi amawapatsa ngati msuzi wofunda wa nyama, maola angapo asananyamuke, chifukwa madzi okha ambiri amawakana pozizira. Musawapatse chakudya chanu, ndipo golovesi ikagwa itoleni msanga, galu akaimeza ndi nkhani ya opaleshoni.

Wokhala m'chileyi ndiye amazizidwa kwambiri chifukwa sakusuntha, choncho muzisinthana pakati pa ulendo. Makampani ambiri salola amayi oyembekezera, ndipo odwala msana aganizire kawiri. Ana amakwera ngati okhala. Mowa ayi: umakunamizani kuti mwafunda pamene thupi likutaya kutentha.

Za kusankha kampani tinene mosabisa. Ntchitoyi yakula msanga kwambiri, ndipo si makola onse amene ali bwino. Funsani kuti agalu amathamanga maulendo angati patsiku ndipo amapuma masiku angati pasabata. Funsani chimene amachita m'chilimwe sinowo kulibe. Funsani za agalu okalamba: amapita kuti? Khola labwino lidzakuonetsani nkhalamba zake zili gone padzuwa, kapena lidzakufotokozerani momwe amazipezera mabanja. Kwina agalu amakhala m'mipanda awiriawiri, kwina pa unyolo wautali pafupi ndi kanyumba kawo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Chofunika kuona ndi udzu wouma m'tinyumba, malo osesedwa, ndi agalu othamangira munthu mokondwa m'malo mobisala. Ogwira ntchito amene amadziwa galu aliyense dzina ndi khalidwe lake ndi chizindikiro chabwino kuposa satifiketi iliyonse yapakhoma.

Kwa oweta mphalapala

Dziko la Asami, Sápmi, layala m'mayiko anayi: Norway, Sweden, Finland ndi dera la Kola ku Russia. Asami alipo pakati pa 80,000 ndi 100,000, ali ndi zinenero zingapo zosiyana, ndipo oweta mphalapala ndi ochepa, pafupifupi mmodzi mwa khumi. Ena ndi asodzi, aphunzitsi, maloya, oimba. Dzina lakale loti Lapp musaligwiritse ntchito, ndi lonyoza. Kwa zaka zoposa zana boma la Norway linkakakamiza Asami kusiya chinenero chawo, makamaka kudzera m'sukulu zogonera komweko. Mfumu Harald anapepesa mu 1997, ndipo nyumba ya malamulo ya dzikolo inapepesa mu Novembala 2024, patatuluka lipoti la komiti yofufuza choonadi mu 2023. Agogo amene angakuthireni khofi m'tenti mwina anadutsa m'sukulu zimenezo.

Mphalapala zimene mudzazione m'mbali mwa msewu si zakutchire. Iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo umboni uli pakhutu: mwana akabadwa mu Meyi, m'chilimwe amamugwira ndi chingwe n'kumudula makutu ndi mpeni motsata chizindikiro cha mwini wa mayi wake. Zizindikirozi n'zolembetsedwa ku boma ndipo zimayenda m'mabanja. Ku Norway, m'madera a Asami, ndi ku Sweden, ufulu woweta ndi wa Asami okha. Ku Sweden oweta ali m'magulu 51 otchedwa sameby; ku Norway gulu la mabanja oweta pamodzi limatchedwa siida. Ku Finland n'kosiyana: kuli mabungwe 54 otchedwa paliskunta, ndipo amene si Msami amathanso kuweta. Ndiye famu ya mphalapala ya pafupi ndi Rovaniemi ikhoza kukhala yeniyeni, ya banja loweta kwa mibadwo, koma yosakhala ya Asami. Palibe cholakwika pamenepo, bola asanamizire. Cholakwika ndi antchito ovekedwa gákti yabodza, chovala cha Asami chomwe mitundu ndi kasokedwe kake zimanena kwawo ndi banja la wovala. Ngati mukufuna Asami enieni ku Finland, pitani kumpoto, ku Inari, komwe kulinso nyumba yosungira zakale ya Siida.

M'dzinja la kumeneko, nyengo yozizira ya sinowo, nyamayi imadalira ndere zoyera zomera pansi. Imazinunkhiza pansi pa sinowo n'kukumba ndi ziboda zake zotambalala. N'chifukwa chake ku Finnmark, chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa Norway, ziweto zimathera chilimwe kugombe ndi kubwerera kumtunda m'dzinja, komwe sinowo ndi wouma ndi wofewa. Ubweya wa mphalapala uli ndi mphako zosunga mpweya, ndipo mphuno yake imafunditsa mpweya usanafike m'mapapo. Zazikazi ndi zazimuna zonse zili ndi nyanga. Zamphongo zikuluzikulu zimagwetsa nyanga zikatha kukwera, chakumapeto kwa chaka, koma zazikazi za bere zimasunga zawo mpaka zitaswa, n'kumatetezera nazo dzenje la chakudya limene zakumba. Mukadzamva kaphokoso ka thethethe pamene gulu likuyenda, ndi mtsempha wa kuphazi ukudumpha pafupa.

Ulendo wa alendo nthawi zambiri umakhala wa maola atatu kapena anayi. Mumalowa mumpanda ndi ndowa ya chakudya. Ndowayo igwireni pansi, kutali ndi nkhope, chifukwa nyama zikamalimbirana nyanga zimakhala pa msinkhu wa maso anu. Musagwire nyanga, musazidzere kumbuyo, musazithamangitse pofuna chithunzi. Nyamazi sizikonda kusisitidwa ngati galu. Imani phee, zibwera zokha. Musazipatse buledi, bisiketi kapena chipatso cha m'chikwama mwanu. Chifu cha mphalapala chimadalira tizilombo tozolowera chakudya china chake, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumaitsegula m'mimba mpaka kuipha. Ngakhale oweta akamayamba kupereka chakudya chogula amachita pang'onopang'ono, mosakaniza ndi ndere.

Zokoka chileyi ndi zamphongo zofula, zophunzitsidwa kwa zaka zingapo. Zimayenda pamzere, iliyonse itamangidwa kuchileyi cha patsogolo, woweta akutsogolera wapansi. Ndi ulendo wapang'onopang'ono, waufupi, wachete. Amene akufuna liwiro adzakhumudwa, koma umu ndi momwe mabanja ankasamukira njinga zamoto za pa sinowo zisanafike m'zaka za m'ma 1960. Lero woweta amagwira ntchito ndi njinga yotereyi, galu, foni, nthawi zina ndege yaing'ono yopanda munthu. Musamuone ngati wataya mwambo. Mwambo wake uli m'kudziwa sinowo, mphepo ndi nyama iliyonse.

Kenako mumalowa mu lavvu, tenti ya mitengo yosongoka pamwamba, moto uli pakati, pansi atayala nthambi za mitengo ndi zikopa. Khalani pomwe akulozerani. Mbali ya kuseri kwa moto, moyang'anana ndi khomo, ndi ya zakudya ndipo mwamwambo ndi yolemekezeka, sadumphapo. Chakudya chofala ndi bidos, nyama ya mphalapala yophika ndi mbatatesi ndi kaloti, chakudya cha paukwati ndi pa zikondwerero. Mwina mudzalawanso nyama yofutsa ndi utsi, buledi wophwatalala wotchedwa gáhkku, ndi khofi wowiritsa pamoto. Inde, nyama zimene mwadyetsa zija n'za mtundu womwewo umene mukudya. Uwu ndi ulimi, ndipo kugulitsa nyama ndiye msana wake.

Mwini tenti akafuna adzaimba joik, nyimbo yamwambo ya Asami. Joik ndi ya munthu wina wake, ya nyama kapena ya malo, ndipo ambiri amaimba ya kholo lawo kapena ya mwana wawo, choncho pemphani musanajambule. Atchalitchi anaitcha tchimo kwa nthawi yaitali, ndipo mpaka lero mabanja ena saimba. Funso limodzi lokha musafunse: "Muli ndi mphalapala zingati?" Eni ake amati kuteroko n'chimodzimodzi kufunsa ndalama zimene munthu ali nazo kubanki. Funsani za msipu wa chaka chino, za zilombo, za njira yosamukira. Pamenepo mudzamva zambiri.

Pomwe ziwirizi zimagundana

Mudzamva, mwachitsanzo, za mvula yogwa pa sinowo. Dzinja likafunda kwa masiku awiri mvula n'kugwa, kenako kuzizira n'kubwerera, pamwamba pa ndere pamakhala ayezi wolimba amene ziboda sizingaswe. Chakudya chilipo koma chatsekeredwa. Ziweto zimabalalika kufunafuna, zimaonda, zazikazi zimapoloza. Zoterezi zikuchitika kawirikawiri tsopano, ndipo dzinja la 2019 mpaka 2020 linali loopsa ku Finnmark ndi kumpoto kwa Finland. Kale populumukira panali ndere zolendewera m'mitengo ya nkhalango zakale, koma kudula mitengo kwachepetsa nkhalango zotere. Onjezanipo zilombo monga wolverine, lynx ndi ziwombankhanga, komanso migodi, njanji, misewu ndi makina opangira magetsi ndi mphepo. Pa 11 Okutobala 2021 khoti lalikulu la Norway linagamula kuti zilolezo za makina 151 a mphepo ku Fosen, chapakati pa dzikolo, zinaphwanya ufulu wa Asami oweta, koma makinawo anapitiriza kuzungulira, moti achinyamata anakatseka makomo a maunduna ku Oslo mu 2023. Mapangano anadzafikiridwa pambuyo pake.

Pa nyama yomwe ikukhalira mafuta otsala m'thupi, kuthawa kulikonse ndi ngongole. Mphalapala imaona galu ngati mmbulu. Gulu la agalu likadutsa pafupi ndi msipu, ngakhale lili m'zingwe, fungo ndi kuuwa zimakwanira kubalalitsa ziweto zimene woweta wathera masiku akuzisonkhanitsa, ndipo husky wothawa amatha kuluma ndi kupha. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira Malichi mpaka Meyi, zazikazi zikalemedwa ndi bere. Nyumba ya malamulo ya Asami ku Finland inavomereza mfundo za ulendo waulemu mu 2018, ndipo kukula kwa ntchito ya agalu m'madera a msipu ndi chimodzi mwa zimene imadandaula nazo. Sitikunena kuti musakwere chileyi cha agalu. Ndi chinthu chokoma kwambiri, ndipo makola ambiri amakhala bwino ndi anansi awo oweta. Koma funsani kampani ngati njira zake inagwirizana ndi siida, sameby kapena paliskunta ya m'deralo, ndi ngati imasintha njira ziweto zikafika. Mukakumana ndi mphalapala panjira, pondani buleki, khomani ngowe, khalani pachileyi, ndipo tsatirani wotsogolera. Pagalimoto chepetsani liwiro, pomwe pali imodzi pali zina, ndipo mukaigunda imbirani apolisi kuti mwini wake adziwitsidwe.

Ofuna kuona zambiri m'masiku ochepa asankhe sabata yoyamba ya Febuluwale. Pa 6 Febuluwale ndi tsiku la Asami, lokumbukira msonkhano wawo woyamba ku Trondheim mu 1917, ndipo m'sabata imeneyo ku Tromsø kumakhala mpikisano wa mphalapala. Msika wa ku Jokkmokk ku Sweden, womwe unayamba mu 1605, umachitikanso nthawi yomweyo. Malo ogona amatha miyezi yambiri usanafike. Ndi malo abwino ogulira duodji, ntchito zamanja monga mipeni, zikho zamtengo ndi nsapato zaubweya. Yang'anani chizindikiro cha Sámi Duodji kuti musagule zonamizira za kufakitale. Okonda agalu apite ku Alta mu Malichi kukaona kunyamuka kwa Finnmarksløpet, mpikisano womwe unayamba mu 1981 ndipo mtunda wake wautali ndi makilomita 1,200. Pa Isitala ku Kautokeino kumakhala chikondwerero chachikulu cha joik ndi mipikisano ya mphalapala.

Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe afunika viza ya Schengen, yomwe imagwira ntchito ku Norway, Sweden ndi Finland, ngakhale akhale ndi chilolezo chokhala ku Britain. Vizayo imafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, koma werengani bwino pepala lake, chifukwa inshuwalansi zina sizilipira ngozi ya pachileyi cha agalu pokhapokha mutawonjezera gawo la masewera a m'dzinja. Kuchokera ku Oslo kupita ku Tromsø ndi maola pafupifupi awiri pandege. Ku Kiruna ndi ku Rovaniemi kumafika sitima za usiku zochokera ku Stockholm ndi ku Helsinki. Maulendo anu ofunika aikeni m'masiku oyambirira, kuti mphepo ikatseka msewu mukhale ndi tsiku lina lobwerezera. Nambala ya ngozi m'mayiko onse atatu ndi 112.